Mwana akamavuta masana aliwonse patchuthi cha mumzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere

Ife zinatipeza tsiku lachitatu la tchuthi chathu, tili pamzere wogula matikiti olowera kumalo oonetsera nsomba. Mwana wathu wa zaka zitatu, amene m'mawa wonse ankangokamba za nsomba zikuluzikulu zimene akaone, anakhala pansi pasimenti, kenako n'kugona chagada, n'kuyamba kulira mosatonthozeka. Madzi anakana. Kunyamulidwa anakana. Anavula nsapato imodzi n'kuiponya pakati pa miyendo ya anthu. Mkulu wake wa zaka 6 ataona kuti mzere ukutisiya, nayenso misozi inayamba kulengeza. Ndinayang'ana nthawi pafoni: 3 koloko itangodutsa kumene. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti dzulo lake analiranso chimodzimodzi m'basi, nthawi ngati yomweyo, ndipo dzana analira pagombe dzuwa litangopendeka.

Mwana akamavuta nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, musathamangire kunena kuti ndi mwano kapena kuti mwamulekerera. Gwero lake limakhala m'maola amene adutsawo: wagona bwanji, wamwa chiyani, wayenda mtunda wotani, dzuwa lamuomba nthawi yaitali bwanji. Mzinda waukulu umakukopani kuti muone zambiri, nyanja nayo imayamwa mphamvu za mwana iye asakudziwa, ndiye zinthu ziwirizi zikakumana m'thupi laling'ono, masana ndi pamene zimatulukira. Nazi zoyenera kufufuza, motsatana mmene ine ndimazifufuzira.

Yambani mwatsimikiza kuti si matenda

Musanaganize za tulo kapena njala, mugwireni pakhosi ndi pamimba, muyang'aneni m'maso ndi m'kamwa. Mwana amene akulira mwamphamvu, akuponda pansi, misozi ili chuchuchu, nthawi zambiri ndi wotopa chabe. Woopsa ndi amene wangoti zii, walefuka, akulira popanda misozi, milomo yauma, maso alowa. Kwa khanda onaninso liwombo ngati lalowa, ndipo kumbukirani kuti thewera munalisintha liti. Thewera likakhala louma maola 6 kapena kuposa, kapena mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Ngati watenthedwa, akudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, mupititseni pamthunzi kapena m'nyumba yozizira, mumuvule zovala zosafunika, mumupukute ndi nsalu yonyowa uku mukumukupiza, ndipo muzimupatsa madzi pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 30 ayenera kusintha. Akapanda kusintha, kapena akayamba kulankhula zosamveka, kukomoka, kapena kulephera kudzuka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Nambala yoitanira ambulansi imasiyana dziko ndi dziko, choncho ilembeni tsiku lomwe mwafika, pamodzi ndi dzina la chipatala chapafupi cholandira ana usiku. Funsani a pamalo pamene mukugona, amadziwa.

Zizindikiro zimenezi zikakhala palibe, mtima ukhale m'malo, pitirizani kufufuza.

Werengani maola a tulo, osati kungoyerekeza

Apa ndi pamene pamabisala vuto la mabanja ambiri, ndipo ife lathu linali pomwepa. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization a mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi azigona maola 10 mpaka 13. Usiku wa tsiku lachitatu lija, ine ndi bambo awo tinakhala pansi n'kuwerengera. Tinkabwerako kokadya cha m'ma 9 koloko usiku. Kusamba, kutsuka mano, kudumphadumpha pabedi lachilendo, ana ankagona 10 koloko itakwana. Makatani a m'chipindamo anali opyapyala, zenera linaloza kum'mawa, ndiye pofika hafu pasiti 5 onse anali maso. Masana osagona, chifukwa tinali pamsewu. Maola 7 ndi theka basi, kwa mwana wofunika osachepera 10. Masiku atatu otere ndi ngati wachezera usiku wathunthu.

Chosokoneza n'chakuti mwana wosowa tulo saoneka ngati wa tulo. Amathamanga kwambiri, amaseka mokweza, amakanda m'bale wake, ndiye kholo limati mphamvu akadali nazo, tiyeni tipitirire. Kenako amangogwa kamodzi n'kamodzi.

Mankhwala ake ndi kulidula tsiku pakati. Tulukani m'mawa kwambiri, popeza anawo adzuka kale: gombe limakhala lopanda anthu, mchenga uli wozizira, dzuwa lisanakwiye. Pofika 11 koloko muzikhala mukubwerera. Adye, asambe, agone m'chipinda chamdima. Amene anasiya kugona masana agonebe pabedi ndi kabuku kwa ola limodzi, nthawi zambiri tulo timamuba. Mutulukenso dzuwa likapepa, cha m'ma 4 koloko, ndipo chakudya chamadzulo chikhale chofulumira kuti nthawi yogona isasiyane ndi ya kunyumba kuposa ola limodzi. Ndikudziwa kuti zimapweteka mtima kulipira ulendo wautali n'kumakhala m'chipinda maola anayi mzinda wonse uli panja. Koma maola amenewo ndi omwewo amene dzuwa limaswa mtengo, mizere ili yaitali, ndipo mukawaumirira mumawathera potonthoza mwana pamsewu.

Zenera lolowetsa kuwala litchingeni ndi thaulo kapena bulangete. Tengani kuchokera kunyumba kansalu kapena chidole chimene amagona nacho, ndipo zimene mumachita asanagone, kaya ndi nthano kaya ndi nyimbo, zichitikenso chimodzimodzi. Ngati nonse mukugona chipinda chimodzi, zimitsani magetsi ndi wailesi yakanema mpaka anawo atagona tulo tofa nato. Mukawoloka mayiko osiyana nthawi, thupi limatenga pafupifupi tsiku limodzi kuti lizolowere kusiyana kwa ola lililonse, choncho masiku oyamba musaikepo zinthu zazikulu.

Mwana akagona m'chikuku muli panja, musafunditse chikukucho nsalu kuti mumutchingire dzuwa. Nsalu, ngakhale yopyapyala, imatsekereza mpweya ndipo m'katimo mumatentha msanga. Kaimikeni pamthunzi weniweni, pomwe mukuiona nkhope yake.

Mapu a pafoni sadziwa kuti muli ndi ana

Foni ikati ulendo ndi wa mphindi 20, imawerengera munthu wamkulu woyenda yekha. Simawerengera masitepe a kusiteshoni kumene chikepe chafa, chikuku chofunika kupinda pokwera basi, kapena mawu akuti "Amayi, ndikufuna kukodza" sitima itangonyamuka. Muziwirikiza kawiri nthawi iliyonse imene mapu akuuzani. Mukapeza kuti ulendo wopita ndi wobwerera ukudya maola oposa awiri, malowo ndi a tsiku lawo lokha, kapena angosiyidwa.

Chinthu chachikulu chikhale chimodzi pa tsiku. Matikiti a malo otchuka gulani pa intaneti, musankhe nthawi yotsegulira. Pewani kuyenda nthawi imene anthu akupita kapena kuweruka kuntchito, chifukwa mwana woima m'basi yodzaza amangoona mawondo a anthu, mpweya ukumuchepera. Ndipo ngati simunasungitsebe malo ogona, sankhani apafupi ndi gombe moti n'kuyenda wapansi, ngakhale chipinda chake chikhale chaching'ono. Kudula tsiku pakati kuja kumatheka pokhapokha ngati kubwerera kuchipinda n'kosavuta.

Mwana amene amasanza m'galimoto akhale poona kutsogolo, asayang'ane foni kapena buku, ndipo zenera likhale lotsegula pang'ono. Musamusiye m'galimoto yoimika ngakhale kwa kanthawi kogula madzi: padzuwa, m'kati mwa galimoto mumawonjezeka kutentha ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha.

Ludzu, njala ndi dzuwa lobisala m'kamphepo

Kugombe kumawomba kamphepo kayeziyezi kamene kamaumitsa thukuta lisanaoneke, ndiye kholo silizindikira kuti mwana akutaya madzi. Mwanayo naye ali pakati pa masewera, sanena kuti ali ndi ludzu. Musadikire kuti apemphe. Mupatseni botolo mphindi 20 kapena 30 zilizonse, amweko ngakhale pang'ono. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, lizingoyamwa pafupipafupi.

Njala nayo imabwera msanga kuposa kunyumba, chifukwa kuthamanga pamchenga ndi kulimbana ndi mafunde ndi ntchito yakalavulagaga kwa miyendo yaifupi. Kumalo odyera a mumzinda chakudya chimatha kutenga mphindi 40 chisanafike patebulo, ndipo chikafika n'kukhala chachilendo, mwana n'kuchikana. M'chikwama musamasowe chakudya chimene anachizolowera, ndipo mum'patse musanalowe m'malo odyera, osati atayamba kale kulira. Zotsekemera zokhazokha zimamunyamula kwa kanthawi, kenako njala imabweranso ili yolusa.

Za dzuwa, anthu ambiri a khungu lakuda amaganiza kuti sizikuwakhudza. Khungu lakuda limapsanso, kungoti kufiira kwake sikuoneka msanga. Mumadziwira poti mapewa akutentha, mwana akukana kuvala malaya kapena kukhudzidwa kumsana, ndipo patapita masiku khungu limayamba kusupuka. Mitambo isakunamizeni, cheza choopsa cha dzuwa chimadutsa mitambo yopyapyala, ndipo mchenga ndi thovu la mafunde zimachibwezeranso m'mwamba, moti ngakhale pansi pa ambulera chimafika. Chimakhala champhamvu kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Pakani mafuta oteteza khungu a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa) musanatuluke, mubwereze maola awiri aliwonse ndiponso akangotuluka m'madzi. Musaiwale makutu, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mapazi. Chipewa cha mlomo waukulu ndi malaya a manja aatali zimateteza kuposa mafuta. Mwana wachialubino amafunika SPF 50 ndi kusamala kowirikiza, ndipo khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa n'komwe. Mchenga wa masana umawotcha mapazi: upondeni nokha opanda nsapato musanamutsitse.

Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Mwana akawameza ambiri amatha kusanza kapena kutsegula m'mimba, ndipo ludzu limakula. Nyamulani mapaketi a ORS. Akasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimumwetsa pang'onopang'ono, ndipo apitirize kudya ndi kuyamwa. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena akamasanza chilichonse chimene wamwa, n'zakuchipatala. Mvula yamphamvu ikagwa, musalowe m'madzi a gombe la mumzinda kwa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa ngalande zimakokolera zonyansa zonse za m'misewu komweko.

Muvuleni muone

Mwana wosatha kulankhula bwino sanganene kuti mchenga ukumukhula. Wathu wamng'ono uja titamuvula madzulo, tinapeza m'mphechepeche muli mofiira ngati mwapakidwa tsabola, ndipo timchenga tinali titamatirira m'mapindiko onse a khungu. Anali atayenda nazo choncho kuyambira m'mawa, mchere utauma pathupi, kabudula wosambira ali wonyowa. Akangotuluka m'nyanja, mutsukeni ndi madzi opanda mchere, mumuumitse mosakhula, mumuveke zouma. Ngati pagombe palibe mpopi, botolo lalikulu limodzi limakwana. Pakani mafuta otchinjiriza khungu pamalo othetheka asanapite kumchenga. Dziwaninso kuti matewera osambira nawo sayamwa mkodzo, amangogwira chimbudzi, choncho si oyenda nawo mumzinda.

Onani zidendene ngati nsapato zatsopano zatulutsa matuza. Akamagwiragwira khutu ndipo akulira mukalikoka pang'ono, mwina madzi otsalira ayambitsa matenda a m'khutu: musatokosemo, kamuonetseni kwa dokotala. Ngati walira mwadzidzidzi ali m'madzi ndipo pakhungu pali mizere yotupa ngati wakwapulidwa, mwina wakhudzana ndi jellyfish, kanyama kofewa ka m'nyanja yamchere kamene kamawotcha khungu ndi tizingwe take. Tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, osati a pampopi, musakhule ndi mchenga, ndipo thamangirani kwa opulumutsa anthu pagombe, popeza iwo amadziwa mtundu wopezeka m'dera lawo ndi chithandizo chake. Akayamba kubanika kapena kutupa nkhope, itanani ambulansi.

Pali chinanso chimene makolo amachiiwala: ana ambiri amaumira chimbudzi pamalo achilendo. Masiku atatu osachita chimbudzi amamukwiyitsa mwana aliyense. Madzi, zipatso, ndi kumukhazika pachimbudzi mosamufulumiza akatha kudya m'mawa, zimathandiza.

Akamakana nyanja

Mwayenda ulendo wonsewo chifukwa cha nyanja, iye n'kufika pagombe n'kukukakamirani m'khosi. Taganizani mmene iye akuionera: funde lofika m'mawondo mwanu kwa iye lili pachifuwa, likubwera ndi mkokomo, likamabwerera likukumba mchenga pansi pa mapazi ake. Musamunyamule n'kumuviika kuti azolowere. Mantha amangokula, ndipo amatha kuyamba kukana ngakhale bafa. Khalani naye chapatali, mukumbe kadziwe, muzitunga madzi ndi kandowa iye akuona. Mawa lake adzasendera yekha.

Nthawi yopitira imathandizanso. M'magombe ambiri nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi. Kuchoka podzaza kufika pophwa pamatenga maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Kuli nyanja zina, monga Mediterranean, kumene kusinthaku n'kochepa, koma kwina gombe lonse limatha kumira. Nthawi zimenezi zimalembedwa pazikwangwani za pagombe ndi pa intaneti. Madzi akaphwa amasiya timaiwe tosaya tofunda, mokhala tinkhanu ndi tinsomba, ndipo kwa mwana wamantha palibe poyambira pabwino kuposa pamenepo. Ingoyang'anirani kumbuyo kwanu, chifukwa madzi akamabwerera amayamba kudzaza m'malo otsika n'kukutsekerezani pachitunda cha mchenga kapena pamiyala.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa kutopa kwa masana kuja sikugwira ana okha. Kholo lotopa ndi limene limati wina akuyang'anira, pamene winayo akuganizanso chimodzimodzi. Ana a zaka zosapitirira zinayi ndi amene amamira kwambiri kuposa misinkhu ina yonse, ndipo mwana womira sakuwa, sakupiza manja. Amangolowa pansi mwakachetechete m'masekondi ochepa, ngakhale m'madzi osaya. Gwirizanani momveka kuti woyang'anira pano ndi ndani, ndipo posinthana muzinena ndi pakamwa: "Bambo ake, ana ali m'manja mwanu." Woyang'anirayo asagwire foni, ndipo akhale pafupi moti atatambasula dzanja amugwira mwanayo. M'bale wake wamkulu si woyang'anira.

Sambani pamalo pamene pali opulumutsa anthu. M'mayiko ambiri malowo amakhala pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu, ndipo mbendera yofiira yokha imatanthauza kuti musalowe. Chenjerani ndi malo ooneka odekha pakati pa mafunde, pomwe madzi ali oderako ndipo sakuchita thovu. Kholo limakopeka kuti apa ndiye pabwino pa ana, chonsecho nthawi zambiri pamenepo ndi pamene madzi obwera ndi mafunde akubwererera kunyanja mwaliwiro ngati mtsinje. Akakukokani, musalimbane nawo molunjika kumtunda. Yandamani, kwezani dzanja, ndipo ngati mungathe sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo. Machubu ndi zoyandamitsa zopopa za m'mikono ndi zoseweretsa chabe, mphepo yochokera kumtunda imatha kuziuluzira kutali mwana ali pomwepo. Choteteza chenicheni ndi jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yomangidwa bwino.

Akasowa m'chigulu

M'mawa uliwonse ajambuleni chithunzi atavala zovala za tsikulo, ndipo lembani nambala ya foni yanu pamkono wawo kapena pakachingwe ka pamkono. Aphunzitseni kuti akakusowani aime pomwepo, n'kupempha thandizo kwa mayi amene ali ndi ana kapena munthu wa yunifolomu. Mwana akasowa pagombe, yambani kuyang'ana kumadzi, wina athamangire kwa opulumutsa anthu. Musamangoitana dzina lake, fuulani mmene akuonekera: "Mtsikana wa zaka zitatu, malaya achikasu!" Anthu onse amene amva amasanduka maso anu.

Kulira kukayamba kale

Pamenepo si nthawi yolangiza kapena yoopseza kuti mubwerera kunyumba. Mwana wofika pamenepa sakumvanso mawu. Munyamuleni, mumuchotse paphokoso ndi pamaso pa anthu, mupeze mthunzi, mukhale pansi. Ikani madzi pafupi osamukakamiza. Lankhulani pang'ono, motsitsa mawu. Kholo linalo lipitirize ndi ana enawo, kuti wamkulu asamaone ngati mng'ono wake ndiye womulanda zabwino zonse. Matikiti akapita pachabe, apite. Ndipo musayambe kulozana zala kuti anakonza ndondomekoyi ndani, chifukwa ana amamva, n'kuwonjezera kulira.

Ife tsiku lija tinachoka pamzere. Bambo awo analowa ndi wamkulu, ine ndinakwera takisi ndi wamng'ono, ndipo tisanakhote msewu wachiwiri anali atagona, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'chikwama changa. Anagona maola atatu. M'mawa mwake tinafika pagombe 7 koloko isanakwane, madzi ataphwa, ndipo anakhala ola lathunthu atanyonyomala pakadziwe, akulondola kankhanu ndi chala. Hafu pasiti 10 tinamutsuka ndi botolo la madzi, tinamuveka zouma, n'kubwerera. Nsomba zikuluzikulu zija anakaziona tsiku lachisanu, zitseko zitangotsegulidwa, atakhala paphewa pa bambo ake.